Mawu a Kapitawo M'foni ya Bambo Anga

Apolisi atatibwezera katundu wa bambo anga, munali lamba, chipewa ndi foni, zonse m'kajumbo kamodzi. Foniyo inali itapindika pakati ngati supuni yakale, galasi lake lili nyenyenye. Amayi anakana kuigwira. Ine ndinaitenga, ndipo ndinene poyera: sindinaitenge kuti ndizikumbukira bambo ayi. Ndinaitenga kuti ndithane ndi munthu.

Bambo anga anali dalaivala wa lole pa kampani ina yonyamula simenti. Tsiku la ngoziyo lole inathawa nawo pamtsetse wa kuseri kwa msika, inagunda bambo wina wa njinga, n'kukadziwomba pachipupa cha mlatho. Onse awiri anafera pomwepo.

Maliro asanathe n'komwe, kapitawo wa madalaivala anali atayamba kale kuyendetsa pakamwa. Akuti bambo anali ataledzera. Akuti m'lolemo munapezeka botolo. Bambo anga! Munthu wa zilonda zam'mimba, amene ngakhale zoziziritsa kukhosi ankazikana kuti zimawawotcha! Koma poti wonenayo anali wovala jekete, anthu anameza osatafuna.

Choipa kwambiri, bambo wa njingayo ankakhala mumsewu wathu womwe. Mkazi wake amagulitsa makala pakona. Akaona amayi akudutsa, ankalavula pansi n'kukuwa kuti, "Uyo mkazi wa chidakwa chinandiphera mwamuna!" Amayi anasiya kupita kumsika, kenaka anasiya kutchalitchi. Ankangokhala kuchipinda, akuonda ine ndikuona. Mayi wamakalayo sindinkamuda, chifukwa anatsala ndi ana ang'onoang'ono ndipo anachita kuuzidwa kuti mdani wake ndi ife. Amene ndinkamufuna ndi womuuzayo.

Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi, amayi anangoyamba okha.

"M'mawa uja bambo ako ankamanga nsapato pakhomo apo, akulankhula ndi foni. Ndinamva akuti mabuleki, mabuleki. Kenaka anaika foni kukhutu, anamvera, anapukusa mutu, n'kutuluka osamwa tiyi."

Chipeso chinandigwa m'manja. Madalaivala aja salemba mauthenga. Zala zawo ndi zikuluzikulu ndipo nthawi alibe, ndiye amangodina, kulankhula, kutumiza. Kapitawo nayenso amawayankha ndi mawu. Ngati bambo anadandaula za mabuleki, ndiye kuti mawu awo ndi yankho lake zinali m'foni.

Ndinapita kudepoti ya kampani ija. Kapitawo ndinamupeza mu ofesi yake, miyendo ili patebulo, akutokosa m'mano.

"Mwana wanga, pepa ndi zovuta zija," anatero, osatsitsa ngakhale mwendo umodzi.

"Bambo anakuuzani za mabuleki m'mawa uja."

Anaseka. Anatulutsa foni yake, n'kutsegula pamene ankalankhulana ndi bambo. "Ona wekha. Mabuleki ali pati apa?"

Mawu a bambo panalibe. Panali timizere tongonena kuti uthenga wafufutidwa.

"Nanga apa munafufuta chiyani?"

"Ndinatumiza molakwika, unali wa munthu wina. Iwe, kulira uzikalira kwanu. Kuno n'kuntchito."

Ndinatuluka mano ali gwa. Ndikanayankha, ndikanamuluma.

Ndinayamba kuzungulira okonza mafoni. Woyamba anangoiyang'ana n'kunena kuti, "Iyi ndi ya kudzala, achemwali." Wachiwiri anati ikayaka aifufuta zonse kuti iyambe mwatsopano, ndipo ndinamulanda asanamalize kulankhula. Wachitatu ndi amene anthu amamutcha Magalasi, chifukwa amavala magalasi awiri, ena pamphuno ena pachipumi. Kashopu kake kali m'kanjira kopapatiza pakati pa sitolo ya nsapato ndi ya mankhwala. Muli tebulo limodzi, nyale yopindika khosi, makatoni a mafoni akufa, ndi fungo la mtovu wosungunuka lomwe limakakamira pa zovala.

Ndinamufotokozera zonse, za kapitawo ndi timizere take tija. Anamvera osandidula. Kenaka anatenga kaphini, anatulutsa simu m'foni ya bambo, n'kuimata patebulo ndi tepi. Ine sindinalabadire, maso anga anali pafoni.

Atatsegula kumbuyo, anatsitsa magalasi a pachipumi aja n'kuwerama nthawi yaitali.

"Zimene mukufunazo sizikhala pagalasi kapena m'batire," anatero. "Zimakhala pa kabolodi aka. Kapindika pang'ono koma sikanathyoke. Tikapeza foni ina ya mtundu womwewu, tikasamutsira mmenemo. Sindikulonjeza, achemwali. Nthawi zina zimadzuka, nthawi zina ayi."

"Idzuka, achimwene. Ikapanda kudzuka ndidzaidzutsa ndi makofi."

Foni ya mtundu umenewo inavuta kupeza chifukwa inali yachikale. Anakhuthula makatoni ake onse, osaipeza. Anatuma mawu kwa anzake a ntchito yomweyo. Ine tsiku lililonse ndikaweruka ndinkadutsira pamenepo, mpaka anayamba kundiseka.

"Achemwali, ngati mwandikonda mungonena. Foni isakhale chonamizira."

"Ndidzakukondani ikayaka."

"Ndiye ndifulumire!"

Sindinaseke. Masiku amenewo kuseka kunali kutandithawa. Ndikagona ndinkaona miyendo ya kapitawo patebulo, ndikadzuka ndinkamva malovu a mayi wamakala akugwa pansi.

Foni ija inapezeka kwa wokonza wina wa tsidya lina la tauni, yosweka kumbuyo koma galasi lili bwino. Ndinakhala pa kampando kopanda chotsamira, Magalasi akumasula tizitsulo ting'onoting'ono n'kumatiika pa chivindikiro cha botolo. Anasamutsa kabolodi, analumikiza batire, anadina. Zii. Anadinanso. Zii.

"Yakana?" ndinafunsa.

"Khalani chete, mukundinjenjemeretsa manja."

Anayeza apa ndi apo ndi timawaya take, n'kupeza kuti moto sukudutsa pa kachidutswa kena kochepa ngati njere ya mchenga. Anakapemerera ndi chida cha mpweya wotentha, anakachotsa ndi kapani, n'kuikapo kena. Anadikira kuti pazizire. Atadinanso, foni inanjenjemera m'manja mwake, galasi n'kuwala.

Panatuluka chithunzi cha amayi ataima pakhomo, akuseka, akutchinga kumaso ndi dzanja. Mayo ine! Misozi inangotsika yokha. Nambala yotsegulira ndinkaidziwa chifukwa ndinawaikira ndine. Ndinailemba, foni n'kutseguka.

Pamenepo mutu unandithawa. Ndinaganiza kuti mauthenga sangatseguke popanda simu, ndiye ndinatambasula dzanja n'kuyamba kumatula tepi ija. Magalasi anandimenya pamkono, phaa!

"Mukufuna kupha munthu kawiri?"

"Iih, achimwene! Ndalakwanji?"

"Kapitawo wanuyo anafufuta mauthenga ake foni iyi itafa kale. Iye ankaganiza kuti afufutika mbali zonse, koma lamulo lofufutalo silinafike kuno. Mwina likudikirabe pakhomo. Mukangoika simu, netiweki n'kugwira, lilowa, ndipo muona ndi maso anu mawuwo akuzimiririka. N'chifukwa chake ndinaichotsa tsiku loyamba lija."

Ndinakhalira manja anga onse awiri ngati mwana wa sukulu. Iye anadina kachizindikiro ka ndege kuti foni isagwire netiweki iliyonse, kenaka anatsegula pa dzina la kapitawo. Mauthenga a m'mawa uja anali ndondondo, onse athunthu. Anadina woyamba.

"Bwana, mwadzuka bwanji? Pepani kukuvutitsani m'mawa. Lole ija mabuleki sakugwira bwino. Dzulo ndinachita kupopa kuti iime. Chonde ipite kaye kugaraja."

Anali bambo, ndi kakutsokomola kawo kaja asanayambe kulankhula. Kenaka kunabwera mawu a kapitawo, aulesi, ngati munthu akutafuna.

"Madala, musandiyambe. Simenti ikufunika masana asanakwane. Mabuleki tidzaona kumapeto kwa sabata. Muziyenda pang'onopang'ono basi."

"Bwana, katunduyo ndi wolemera, ndipo njira ija ili ndi mtsetse. Chonde."

"Ngati mwakalamba mungonena. Pageti pali anthu ambiri akufuna makiyi amenewo."

Womaliza unali waufupi. "Chabwino bwana. Ndanyamuka."

Misozi inauma nthawi yomweyo. Bambo anga, munthu wa imvi, kunena kuti chonde bwana kwa kamunthu koti akanatha kukabereka! Ndipo kamunthuko, kataona kuti kapha anthu awiri, kanakhala pansi n'kupeka botolo.

Magalasi anakopera mawuwo pa kompyuta yake, pa foni yanga, ndi pa kafulashi komwe anandipatsa kuti ndikabise kunyumba.

"Tsopano thamangani kupolisi," anatero.

"Kupolisi ndipita, musadandaule. Koma iye sanakanene bodza lake kupolisi kokha, analinena pagulu. Mundibwereke sipika yanu ija mumaimbira nyimbo pakhomo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi onse awiri. "Achemwali, inu ndinu oopsa." Koma sipikayo anandipatsa, ataitchaja mpaka kudzaza.

Kunyumba amayi anamvera kamodzi kokha. Bambo atanena kuti ndanyamuka, anagwira pakamwa n'kuti, "Zimitsa, mwanangu." Ndinazimitsa. Ndinawasiya akulira, ndipo sindinawatonthoze, chifukwa kulira kumeneko kunali kosiyana ndi kwa masiku onse aja.

Ndinatuluka kupita pakona. Mayi wamakala atandiona anadzuka, fosholo ili m'manja.

"Ukufuna chiyani pano, mwana wa chidakwa?"

Ndinaima patali ndithu, sindine wopusa. Ndinakweza foni m'mwamba n'kudina. Poyamba ankatukwana, osamva kanthu. Atamva mawu oti mabuleki anasiya kutukwana. Anamvera mpaka kumapeto, fosholo ikutsika pang'onopang'ono.

"Oyambawo ndi bambo anga, mayi," ndinatero. "Winayo ndi kapitawo wawo, amene ananena za botolo. Mawa m'mawa ndikakhala kudepoti."

Sindinadikire kuti apepese, sindinapitire zimenezo.

M'mawa madalaivala amasonkhana pawindo la ofesi kudikira makiyi. Ndinafika ali ambiri, ena akumwa tiyi m'makapu apulasitiki, amakaniko atakhala pa matayala. Mlonda wa pageti ankandidziwa, ndipo anangoyang'ana kumbali. Ndinaika sipika pamwamba pa mgolo wa oyilo, ndinakweza mpaka pomalizira, n'kudina.

"Bwana, mwadzuka bwanji?"

Bwalo lonse linatembenuka. Dalaivala wina wachikulire, mnzawo wa bambo, anavula chipewa. Mawu a kapitawo atayamba, aliyense anayang'ana kuwindo. Pofika pa makiyi paja, chitseko cha ofesi chinatseguka mwamphamvu, kapitawo n'kutuluka akuthamanga, jekete ili paphewa limodzi.

"Zimitsa! Wazitenga kuti zimenezo? Zimenezo ndinafufuta ine!"

Atamaliza kunena m'pamene anazindikira chimene wanena.

"Mwamva nonse?" ndinakuwa. "Akuti anafufuta! Si uja ankati anatumiza molakwika? Nanga botolo lija munaligula kuti, bwana? Tiuzeni, bwana! Chonde, bwana!"

Anatambasula dzanja kuti agwetse sipika, koma makaniko wina wamkulu thupi anaima kutsogolo kwake, sipanala ili m'manja. Kapitawo anayang'ana madalaivala mmodzimmodzi, kufuna womuthandiza. Palibe anasuntha. Ndiye anabwera pafupi nane, mawu atachepa, thukuta lili kamukamu pamphuno.

"Mwana wanga, tiye mu ofesi tikambirane. Zinthu izi zimakonzeka. Ndili ndi ana ine."

"Bambo anga analibe ana? Wa njinga uja analibe ana?"

"Ndikupepesa. Ndikapepesanso kwa mayi ako."

"Mukapondako kwathu ndidzakuthirani madzi otentha. Ndipo musanditchulenso mwana wanu."

Kunena zoona, ndinasangalala kumuona akunjenjemera. Anthu amati kubwezera sikukhutitsa, koma ine m'mawa umenewo ndinakhuta. Ndinadinanso kuti ayambire poyamba, chifukwa madalaivala ena anali akungofika kumene ndipo sindinafune kuti wina adzachite kumva kwa mnzake.

Mawu a bambo akuyambanso, ndinamva munthu ataima pambali panga. Anali mayi wamakala. Anabwera ndi ana ake onse, wamng'ono ali kumsana, enawo atagwira siketi yake. Manja ake anali akuda bii, sanasambe n'komwe. Sanandipatse moni. Anayang'ana amuna onse aja, nkhope ndi nkhope, kenaka anandifunsa motsitsa mawu.

"Ndi uti?"

Ndinamuloza ndi mkono wonse.