Chaka Chimene Munda Unapuma

Chaka chimene feteleza anakwera mtengo mpaka anthu n'kumangomuonera patali, a Flywell Mhango, mphunzitsi wa mbiri yakale, anabwera kunyumba ku Chinsapo ndi nzeru zatsopano. Akazi awo, a Keziah, mtima unangoti myuu. Nzeru za bamboyu ankazidziwa.

Banjali linali ndi kamunda kumapeto kwa tauni, kumalo kopanda mwini kumene aliyense ankalima mpaka pomwe khasu lake lalekezera. Nthaka inali yoguga, kaufiti ali mbwee, komabe timatumba ta m'menemo tinkawafikitsa mu Disembala.

"Amayi a Vitu, kale ku Mangalande nthaka inagugaponso chonchi," anatero a Flywell. "Alimi sanalire ayi. Chaka chino tirigu, chaka chamawa tanaposi, kenako kaudzu kobwezera chonde, nkhosa n'kumadya momwemo, kusiya ndowe."

"Ndiye tilime tanaposi munda wonse? Nkhosazo zili kuti?"

"Sizimenezo. Ife tidzala kalongonda, nyemba zobwezera chonde m'nthaka. Chimanga chipume chaka chimodzi."

A Keziah mutu unaima. Ngati chimanga chikupuma, mimba za ana nazo zipuma? Kodi Angeleziwo ankalima m'tauni? Anayesa kukumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma kutsutsana ndi mphunzitsi n'kudzitopetsa chabe: yankho lililonse linkabwera ndi dzina la mzungu amene anamwalira kalekale.

Kalongonda anamera, nayanga munda wonse. Vuto lake n'lakuti amafanana ndi chitedze. Amayi opita kotola nkhuni ankalambalala malowo atakwinya zitenje, ena n'kumafunsa a Keziah kutchalitchi ngati kunyumba kuli matenda. Iwo ankangoti munda ukupuma, kenako n'kuchita manyazi ndi mawu awo omwe. Chaka chonsecho anadya chogula.

Mu Okutobala ananyamula makasu kuti akagalauze. Anapeza mizere yakwezedwa kale, yowongoka bwinobwino, masamba onse atakwiriridwa pansi. Pakati pa munda panali a Che Bwanali, okhoma zidebe a ku Chinsapo komweko, akupukuta thukuta.

"Achimwene, mundawu ndi wathutu," anatero a Flywell.

"Munda? Aphunzitsi, ine ndapeza tchire muno. Phesi limodzi lokha la chimanga munalibe. Funsani aliyense."

Anafunsadi. Aliyense anayankha mofanana, ngakhale a mpingo wawo omwe: kuno malo osaoneka chimanga ndi otayidwa, wolima ndiye mwini. A Che Bwanali sanabe, a Flywell sananame, koma munda unapita. A Keziah anasowa woti amukwiyire, ndipo zimenezo zinawapweteka kwambiri.

Mu Febuluwale, awiriwo akuchokera kumsika ndi kajumbo ka ufa wogula, anadzera njira ya kumundako. Chimanga cha a Che Bwanali chinali chobiriwira mochita kuda, chachitali kuposa munthu, chopanda ndi feteleza yemwe. A Flywell anaima, nkhope ili ngwee.

"Mwaona, amayi a Vitu? Zatheka! Angelezi aja sananame!"

A Keziah anayang'ana chimangacho, nayang'ana amuna awo. Bamboyo anali wosangalala zenizeni, ndipo mayiwo sanadziwe ngati aseke kapena alire.

"Zathekadi, abambo," anatero motsitsa mawu. "Nanga ana ndikawauze kuti tidya kwa yani?"