Nkhoswe Yodya Magetsi

Tionge ndi mwana wanga wamkazi mmodzi yekha. Amuna ndinabereka atatu, onse anapita kukakwatira kwa eni, mmodzi ku Mlolo, awiri ku Katete, ndipo akulima minda ya apongozi awo monga zimakhalira. Ine sindinalire. Koma munda wa kudambo kuno ku Zemba anandisiyira amayi anga, iwonso anasiyiridwa ndi amayi awo, ndipo woulandira ndi Tionge. Akachoka iyeyu, munda ugwera ana a mng'ono wanga Nancy, anthu oti mtedza amabzala ngati akumwaza mchenga.

Ndiye Tionge atabwera ndi nkhani ya Lovemore, funso langa linali limodzi: nyumba adzamanga pati? Mwana anayamba kukanda pansi ndi chala cha kuphazi. Akuti Lovemore amagwira ntchito ku Lusaka, m'chinyumba chodzaza makompyuta okhaokha, amene amaganizira nzeru zija zimayankha anthu m'mafoni. Akuti sangachoke. Akufuna chitengwa, amutenge Tionge apite naye.

Tinapangana Loweruka kuti ankhoswe akambirane. Wathu anali mlongo wanga Filimoni, wa kwawo anali atsibweni ake a Fulansisi, ndipo awiriwo anati abwera pa njinga imodzi kuchokera ku boma. Lovemore anafika m'mawa, nsapato zowala, nakakhala kuseri kwa nkhokwe pamene Tionge anamuyalira mphasa. Ine ndinakhala mbali ino, msana ku nkhokwe. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana, salankhulana. Zimenezo ngakhale wa ku Lusaka amazidziwa.

Pa 10 koloko Filimoni anaimba: tayala laphulika. Pa 11: tcheni chaduka. Pa 12 foni yake inazima, ndipo ine ndimamudziwa mlongo wanga, njinga yake imakonda kuwonongekera pafupi ndi mowa.

"Amama," Tionge anandinong'oneza, "a Lovemore ayenera kukhala pamsewu pa 15 koloko. Ikawadutsa galimoto ya nthawi imeneyo sapeza minibasi ya ku Chipata. Lolemba akufika makina atsopano kuntchito."

"Ndiye nkhani ithe lero."

"Popanda ankhoswe?"

"Upereke mawu ndiwe."

"Nkhani ya ine yemwe?"

Ananena zoona. Ndinayang'ana kumsewu, kulibe njinga. Ndinayang'ana dzuwa, likuthamanga. Kenako ndinaona foni m'manja mwa Tionge.

"Chinthu chako chija chinatiuza mankhwala a mbozi za m'chimanga, chimamva Chichewa?"

"Chimamva."

"Chili ndi chibale kwa Lovemore?"

Tionge anayamba kuseka. "Amama, si munthu."

"Ndiye sichimwa mowa. Chiike apo."

Tinagadabuza mtondo pakati pa ine ndi nkhokwe, foni pamwamba. Tionge anaifotokozera zonse, misozi ya phwete ili m'maso, ndipo kuseri kuja ndinamva Lovemore akutsokomola chitsokomolo chabodza. Foni inayankha ndi mawu osalala ngati a pa wailesi.

"Zikomo, amayi. Ine sindine nkhoswe yeniyeni, ndipo zimene mugwirizane adzafunika kuzimva akuluakulu a mbali zonse. Koma mawu ndingapereke."

"Iwe... inu," ndinadzikonza, pakuti nkhoswe saiitana iwe. "Inu perekani mawu basi. Auzeni akamwiniwo kuti mwana wanga sachoka pano. Akufuna mkazi, agwire khasu."

"A Lovemore," inatero foni, "amayi akuti amamukonda kwambiri mwana wawo, ndipo angasangalale mutakhala pafupi."

"Iyayi! Ndanena choncho ine? Khasu lapita kuti?"

"Pepani, amayi. A Lovemore, amayi akuti mugwire khasu."

Tionge anagwa chagada pa mphasa. Nkhuku zinabalalika. Mawu a Lovemore anatuluka kuseri kwa nkhokwe, aulemu, ndipo ine ndinawamva onse bwinobwino, koma ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mitambo mpaka foni itabwereza.

"A Lovemore akuti akupempha zaka ziwiri zokha. Kampani yawo ikumanga nyumba yachiwiri ya makompyuta. Ikatha, abwera kudzakhala kuno."

Zaka ziwiri. Ine ndagulitsa mtedza kwa anthu a masikelo moyo wanga wonse, ndipo munthu akati "zokha" ndimadziwa kuti chala chake chili pa sikelo.

"Ankhoswe, ndikufunseni inuyo kaye. Makompyuta a akamwiniwa ndi abale anu?"

"Tingatero. Ine sindikhala m'foni muno, amayi. Mukandifunsa, mawu anu amapita kutali ku nyumba zonga imeneyo, makompyuta ambirimbiri amagwira ntchito limodzi, yankho n'kubwerera kuno."

"Ndiye ndi khola lanu."

"Mukhoza kulitcha khola."

"Mumadya chiyani m'kholamo?"

"Magetsi. Komanso makina amatentha kwambiri, ndiye pamafunika mphepo yozizira, kwina madzi, kuti asapse."

"Magetsi ake ati? Ku boma kwenikweniko a chigayo amakhala pansi tsiku lonse kudikira magetsi!"

"N'chifukwa chake nyumba zotere zimafuna masola ambiri, majenereta ndi mabatire. Yaikulu imatha kudya magetsi okwanira tauni."

Ndinawomba m'manja. Tauni! Ine ndimadandaula nkhumba zanga ziwiri.

"Nanga mumakhuta?"

"Mpaka pano, ayi. Anthu ondifunsa akuchuluka, ndipo opanga akufuna nzeru zoposa zanga, zimene zimafuna makompyuta ochuluka kuposa apa. Akamaliza nyumba imodzi, kawirikawiri amakhala atayamba kale kuyeza malo a ina."

"Bwerezani pamenepo, mokweza, kuti nkhokwe imve."

Inabwereza.

"Tsono afunseni akamwini: nyumba yachiwiri ikatha, yachitatu ilipo kapena kulibe?"

Lovemore anayankha motsitsa kwambiri moti ngakhale ine, ndi makutu anga osamva mwalamulo, ndinavutika.

"A Lovemore akuti malo a yachitatu anagulidwa kale."

"Eyaa!" Ndinaimirira, ndinavina pang'ono, msana udakali ku nkhokwe, chitenje chikugwa. "Tionge, wamva? Nkhoswe iyi ndiisunga! Filimoni akanameza zimenezi ndi chibuku!"

"Ankhoswe, mwandigulitsa," anatero Lovemore, akuseka mowawa.

"Amayi, a Lovemore akuti ndawagulitsa."

"Auzeni kuti mtengo wake unali wabwino."

Apa Tionge anasuzumira pa foni, nkhope n'kusintha. "Amama, fulumirani. Batire yatsala pa 14."

"Yatha bwanji? Tangoyamba kumene!"

"Netiweki ya kuno ndi yofooka, ndiye foni ikulimbana. Ndiponso ankhoswe anuwa mukuwalankhulitsa."

Ndinaona ndi maso anga njala ija. Ndinakhala pansi msanga.

"Afunseni: kuntchitoko amatani kwenikweni? Asandiuze za mayina a Chizungu. Manja awo amagwira chiyani kuyambira m'mawa?"

Lovemore anafotokoza, foni ikubwereza. Masabata ena amanyamula makina, kulumikiza mawaya, kusintha zakupsa. Masabata ena amangokhala pa laputopu kuyang'ana ngati makina akutentha, ndipo akaona potentha amaimbira amene ali pafupi.

"Kuyang'anako amakhala m'kholamo?"

"A Lovemore akuti ayi, amayang'anira kunyumba kwawo. Mnzawo wina amayang'anira ali ku Kabwe."

"Ku Kabwe kuli chiyani chimene ku Zemba kulibe?"

"Akuti magetsi ndi netiweki."

"Dzuwa ili likundiwotcha m'khosi ndi la ndani? Munthu amadyetsa tauni yonse ya makina, alephere kudyetsa kalaputopu kamodzi? Netiweki ili pa chulu cha kwa a Regina, achinyamata onse amakwera pamenepo. Amange nyumba pafupi ndi chulucho, denga la malata, sola pamwamba. Miyezi khumi ndi iwiri kuno."

"A Lovemore akuti mwezi umodzi, wa Khirisimasi."

"Khirisimasi amabwera ndi alendo odzadya nkhuku. Khumi."

"Akuti iwiri."

"Batire pa 9," anatero Tionge.

"Isanu ndi itatu, ndipo sindikutsikanso."

"Akuti itatu, chifukwa masabata onyamula makina sangawathawe."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsike pang'ono, koma Tionge anaika dzanja pa mtondo.

"Mukutsatsana ngati ndine mbuzi. Ankhoswe, auzeni onse awiri. Ine Lusaka ndikufuna kukamuona, ndikwere masitepe oyenda okha aja. Koma munda wanga sindiupereka kwa ana a amayi aang'ono. Mvula ikayamba ndili kuno, mpaka mtedza ulowe m'nkhokwe. Chilimwe ndili uko. Iwowa sabata yoyang'anira azikhala kuno, sabata yonyamula azipita."

Foni inabwereza mawu onse osachotsapo, ngakhale mbuzi. Ndinawerenga pa zala. Novembala mpaka Meyi. Miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndi miyezi yomwe munda umafuna munthu. Mumtima ndinali nditayamba kale kululutira, koma nkhope ndinaiumitsa.

"Onjezani ziwiri. Mwana woyamba adzabadwire kuno. Ndipo m'mawa, asanatsegule laputopu, mizere isanu ya khasu."

"A Lovemore akuti itatu."

"Isanu. Mizere ya kudambo ndi yaifupi."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka mpweya wautali. Kenako Lovemore anati, momveka bwino ngati belu la sukulu, "Chabwino. Ndavomera zonse."

Ndinadikira foni. Foni ili duu. Tionge anaitola, anaidina, anaigwedeza.

"Yazima, Amama."

"Ndiye akamwini ayankha chiyani?"

"Amama! Mwamva nokha!"

"Ine? Ndimve mawu a mkamwini, ine? Unandionapo ndikuchita zimenezo? Nkhoswe sinanene, ndiye palibe chanenedwa. Munthu akhoza kukafika ku Lusaka n'kumati sindinavomere, mboni inali itakomoka."

"Nthawi ndi hafu 14!"

"Ndiye adyetseni msanga ankhoswe. Akomoka ndi njala pakhomo panga, manyazi ake!"

Foni ya Lovemore inali m'thumba mwake, yodzaza, ndipo Tionge anaitchula. Ndinakana. Nkhani imene yayamba ndi nkhoswe imodzi simaliza ndi ina, ya m'thumba mwa mwini mlandu. Sola yapafupi inali kwa a Regina, kuseri kwa dambo. Ndinamva nsapato zowala zija zikuthamanga, phaphapha, Tionge pambuyo akukuwa kuti njira si imeneyo. Ndinatembenuka pang'ono, diso limodzi, ndinaona msana wa mkamwini wanga ukudumpha mizere ya mbatata, foni ili m'manja awiri ngati mwana wodwala. Amathamanga bwino. Miyendo imeneyo khasu iligwira.

Kwa a Regina anapeza mafoni anayi ali pa mzere, ndi wailesi. A Regina sadumphitsa munthu mzere, ngakhale abusa. Tionge akuti Lovemore anagwada. Akuti anafotokoza kuti foniyo ndi ankhoswe, ndipo a Regina anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anachotsa wailesi.

Ine ndili pakhomo ndinamva galimoto ya 15 koloko ikuliza hutala kumsewu. Inaliza kawiri, inadikira, inapita. Ndinalowa m'nyumba kukasankha khasu la mpini wabwino.

Anabwerera fumbi mpaka m'mawondo. Lovemore anabwerera kuseri kwa nkhokwe, ine pamalo panga, foni pa mtondo ndi batire ya 6. Tionge anaikumbutsa pamene tinalekezera, Lovemore anabwereza mawu ake akupuma mwa befu.

"Amayi," inatero foni, "a Lovemore avomera zonse. Akutinso mawa aimbira abwana awo za masabata oyang'anira, ndipo galimoto yawasiya."

"Auzeni kuti ndamva chisoni kwambiri. Auzeni kuti mawa ndi Sabata, sitilima, koma akhoza kukayeza malo pa chulu. Khasu lili pa khonde, aliyese kulemera."

Ndinalulutira mpaka Nancy anatuluka m'nyumba mwake kudzafunsa ngati kwabadwa mwana.

Dzuwa litapendeka, Filimoni anatulukira akukankha njinga, a Fulansisi pambuyo atanyamula tcheni m'manja, onse awiri akuyenda ngati msewu ukuwathawa.

"Mlongo, tafika. Tiyambe nkhani. Nkhuku ya ankhoswe mwapha?"

"Nkhani yatha, achimwene. Inu mungomva n'kuvomereza. Nkhuku yapita kwa a Regina."

"Kwa a Regina? Akhala ankhoswe liti?"

"Ndi amene anadyetsa ankhoswe."

Filimoni anayang'ana ine, anayang'ana foni pa mtondo, anayang'ana mapazi a Lovemore akuonekera pansi pa nkhokwe. Anavula chipewa, sindikudziwa ankavulira ndani.

"Tionge," ndinatero, "tenga ankhoswe ubwerere nawo kwa a Regina akamalize kudya. Ndipo uwauze akamwini kuti sola ya pa denga lawo ikhale yaikulu. Alendo awa ndawaona kadyedwe kawo, chaka chamawa adzafuna mbale ziwiri."