Manja a Bakari

A Adamson a ku Railways, aja anakalambira pa njanji, anabwera kuchokera ku mzikiti Lachisanu nkhope ili ndwii.

"Fridah, ukwati uja watha!"

Mwana wawo Fridah amasita yunifolomu yake ya unesi. Womufunsira anali Bakari, mnyamata wa ku Mali wogulitsa masipeya m'tauni.

"Walakwanji, atate?"

"Ndamuona ndi maso angawa. Tonse tapinda manja poswali, iye manja ali lende m'mbali ngati woda wa ku ndende ya Mukobeko pa perete. Munthu wosadziwa kupemphera akusunge iwe?"

Fridah anaimika simbi. Paja mtsikanayu ali wamng'ono, atate ake omwewa ndiwo ankamupalasa pa njinga kupita naye ku madarasa kukaphunzira za Chisilamu, ophunzira anzake onse anyamata.

"Atate, inu mumatsata njira ya yani?"

"Ya Imamu Shafi! Agogo ako anabwera nayo kuchokera ku Mangochi."

"Nanga Shafiyo anaphunzira kwa yani?"

Mkulu uja anayamba kufunafuna magalasi, chonsecho ali pamphuno.

"Kwa Imamu Maliki wa ku Madina," anatero Fridah. "Anapitako ali mnyamata, nakhala pansi kumvetsera. Maliki ankalemekeza zimene anthu a ku Madina ankachita, poti anazionera kwa makolo awo amene anakhala ndi Mtumiki. Ambiri omutsata amaswali manja ali pansi. Amwenye a m'tauni ndi a Abu Hanifa, amapinda pansi pa mchombo, koma simunawathamangitsepo. Njirazi zilipo zinayi, zonse n'zololedwa. Ndiye mukukana wophunzira wa aphunzitsi a aphunzitsi anu?"

A Adamson anavala chisoti, ulendo kwa Shehe kukamuneneza mwana. Shehe anamva zonse, nagwedeza mutu.

"N'zoona. Wakuuzani ndani zimenezi?"

Eee, mukanaona chifuwa cha nkhalamba! Batani linatsala pang'ono kuthothoka.

"Mwana wanga. Wamkazi! Ndinkamupalasa ndine."

Lachisanu lotsatira a Adamson anakaima phewa ndi phewa ndi Bakari mu mzikiti. Potuluka, mnzawo wina wa pa njanji anawanong'oneza kuti mnyamatayo manja ake ngodwala kapena.

"Iwe, kusaphunzira n'koipa," anatero a Adamson mokweza, anthu onse amve. "Ameneyu ndi wa Maliki, ndiponso ndi mkamwini wanga. Ubwere kunyumba, Fridah adzakuphunzitse."