Mapazi pa Phulusa

Nanga ngati si Vitalis, ndani? Virginia anakhala pakhonde akusenda mtedza osauyang'ana, maso ali pa Jonas, mwana wake, amene dzinja lachiwiri linamupeza akukwawabe, mwendo umodzi akuukoka ngati wobwereka, pamene mwana wa Sophia, mng'ono wake, wobadwa pambuyo, anali atayamba kale kuthamangitsa nkhuku m'mudzi monse muno ku Luembe. Amayi a pamtondo sankanena mokweza, koma iye ankawamva ndithu: mwana akakana kuimirira ndiye kuti bambo wake anamudumpha, anagona kwina khanda lisanalimbe. Ndipo Vitalis, bambo a mwanayo, anakhala kuntchito ku Halale miyezi yonse ija, n'kubwerako ndi bulangete, ndalama ya msonkho, ndi kasekedwe kena kachilendo. Anamuphunzitsa ndani kuseka chotero?

Masana omwewo a Cosmas, achimwene a Virginia, nkhoswe ya banjali, anali kubwera kudzamva mawu ake. Akangoti "apite", mkamwiniyo apinda mphasa n'kubwerera kwawo ku Kaumbwe. Liwu limodzi lokha, ndipo anali atalitafuna kuyambira m'mawa mpaka kumuwawa m'kamwa.

Koma bwanji ngati si iye? Pali Sophia — Sophia amene sadutsa osamunyamula Jonas, osamusisita mawondo uku akuseka. Chikondi chanji chongofuna mawondo? Anachita manyazi, poti ndi mwana wa bere limodzi, koma manyaziwo atapita ganizo linatsala pomwepo. N'chifukwa chake dzulo lake anawaza phulusa kuseri kwa nyumba mpaka kunkhokwe, kuti wobwera mozemba asiyepo phazi, ndipo kutacha anapezapo mapazi a nkhuku basi, n'kupsa mtima ngati wina wamunamiza. Kapena ndi iye mwini — tsiku lija anathira mchere m'ndiwo asanayere, anthu onse ali kumunda, akanamuthirira ndani? — ayi, mchere sumanga miyendo, mchere umatupitsa. Kapena umamanganso, akudziwa ndani?

Vitalis anatulukira ndi khasu paphewa, nakanda mwana pamutu. Ankadziwa bwino lomwe chimene a Cosmas akudzera.

"Amake Jonas," anatero motsitsa, "mapila sakhwima pamodzi na chimanga. Musiyeni mwana."

Virginia anapitiriza kusenda mtedza. Mawuwo anamulowa bwino, n'chifukwa chake anawaopa: munthu wosalakwa sayenda ndi mwambi wokonzeratu m'thumba. Komanso wolakwa angamukande mwana chotero? Ankamukonda mwamunayo, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa koposa zonse.

Anasiya Jonas ali m'tulo pamphasa, napita kuchitsime, ndipo njira yonse ankayeseza liwu lija, "apite", "akhale", osamva lomwe linali lake. Pobwera, belu la njinga ya a Cosmas linali kulira kale kumunsi kwa mudzi. Pamphasa panalibe munthu. Anatula mtsuko, natenga tsache kuti akasese phulusa lija achimwene asanalione n'kumufunsa amene akumuganizira.

Kuseri kwa nyumba anaima.

Paphulusa panali timapazi, titatu kapena tinayi, totalikirana mokhotakhota kuchokera pakhoma kulunjika kunkhokwe, kenaka chikhatho, kenaka mkwasa wa munthu wokwawa. Mwana wa Sophia? Sophia anati apita naye kumunda m'mamawa — anatero, koma iye anamuona akupita? Pansi pa nkhokwe panali Jonas, ali mbuu thupi lonse, chala m'kamwa, akumuyang'ana ngati munthu amene ali ndi nkhani yake.

"Odi kuno!" anaitana a Cosmas kutsogolo kwa nyumba. "Mulongo, tabwela."

Virginia anagwada, tsache lili pansi, nagwira kaphazi ka mwanayo kuti akayeze pa chidindo chija. Kanali kofunda, kakumukankha m'dzanja ndi mphamvu imene sankaidziwa, ndipo mphepo inali itayamba kale kunyambita m'mphepete mwa phulusa.