Mavu a pa Beseni

"Nkhukuzi zikudya mphepo kodi?" anafunsa wophika wa pa lesitilanti akuinyamula imodzi ndi zala ziwiri. "Za mlamu wanu zija ndiye nkhuku. Mwezi ukatha zili chonchi, ndizigula kwa iye."

Mayi wankhuku anaseka, koma mumtima munali moto. Mlamu wakeyo, mkazi wa mlongo wake wamng'ono, ankatola zakudya zotsala n'kumawetera mphutsi, mphutsizo n'kumapatsa nkhuku. Amene anamupatsa dzina loti Namphutsi anali mayi wankhuku yemweyo, anthu n'kufa nazo kuseka. Ndiye lero akagwade kwa Namphutsi? Bola kufa.

Anakasuzumira pampanda wa mlamu wakeyo. Anaona beseni la makoko ndi zotsala, pamwamba pake timakatoni tomanga pamodzi. "Basi zomwezi?" Anakakonza lake kuseri kwa khola.

Tsiku lachitatu pa timakatonipo panatera tizilombo takuda, tatalitali. "Mavu! Ngakhale inu mukundilondola?" Anatenga mankhwala opopera n'kupopera mosaumira. M'mawa uliwonse ankatero. Masabata awiri anatha, m'beseni munali fungo lokhalokha.

Fungolo ndi limene linakokera mlamu wake kuseriko atabwera kudzabweza wilibala. Anawerama n'kutola kachilombo kamodzi kakufa.

"Alamu, mwapha ndani apa?"

"Mavu. Ndidikire andilume?"

Mlamuyo anagwira pakamwa. "Mayo ine! Izi ndi ntchentche zakuda, siziluma n'komwe. Ndi zimene zimaikira mazira m'timakatonimu. Mwapha amayi ake a mphutsi! Paja safunsa anadya phula."

"Phula langa, m'kamwa mwanga. Chikukukhudza n'chiyani?"

"Tayani zonsezi, zalowa poizoni. Bwerani ndikupatseni mphutsi zing'onozing'ono muyambirepo."

Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti mtsikanayo ankanena ndi mtima woyera. Akanakhala wonyoza, bwenzi pali poyambira ndewu.

"Ndinayamba kuweta nkhuku iwe ukuyamwa," anatero akulanda wilibala.

Mwezi utatha, njinga ya wophika uja inadutsa pageti pake osaima. Inabwerera kuchokera kwa mlamu uja madengu awiri ali tho, nkhuku zonenepa zikulira. Wophikayo anangokweza dzanja.

Mayi wankhuku anaima kanthawi akuyang'ana nkhuku zake zowonda. Kenako anatsuka ndowa, n'kuyenda kupita kwa mlamu wake. Anadzera njira yakuseri kuti anthu asamuone.