Anachapira Pakasupe wa Meya

Chisanu chinafika mu Febuluwale, ndipo ngakhale nkhalamba za mumzindamo zinati chotere sizinachionepo. Mphepo yochokera kumpoto inaomba osapuma, magetsi anathima, mapampu anaima, madzi a m'mapaipi n'kuuma gwa ngati mwala. Dzuwa litabwerera, mapaipi aja anayamba kuphulika paliponse. Kumunsi, pakati pa mzinda, anawakonza msanga. Koma kumtunda ku Loma Parda, komwe ankakhala Doña Herlinda Ozuna, mpopi ukautsegula unkangotulutsa mpweya.

Herlinda anali mayi wamasiye amene ankapanga ma tortilla, tizikondamoyo topyapyala ta chimanga, n'kumagulitsa pakhonde. Ntchito imeneyi imadya madzi: chimanga uchiwiritse ndi laimu, uchitsuke mobwereza, kenako ukachigayitse. Madzi atasowa, chiwaya chake chinazizira. Koma chimene chinkamupweteka kwambiri chinali kuchipinda, komwe ankagona bambo ake, Don Nicanor, amene anafa ziwalo mbali imodzi ndipo sankadzuka. Zofunda zawo zinkafunika kuchapa tsiku ndi tsiku. Tsopano zinkangounjikana m'matumba kuseri kwa nyumba.

"Mwana wanga, lero usandisinthe," anatero mkuluyo m'mawa wina, atayang'ana kukhoma. "Ndipirira."

"Mupirira chiyani, ababa? Tembenukani."

Anawapukuta ndi madzi ogula a m'botolo, pang'onopang'ono ngati mankhwala, misozi ili m'maso.

Bauza, galimoto yogawa madzi, inabwerako kamodzi, koma inaima m'munsi mwa chitunda. Anthu anatsika ndi ndowa, zigubu ndi mapoto, anakankhana, anatukwanana, ndipo amuna awiri amene amapemphera tchalitchi chimodzi anamenyana mpaka kung'ambirana malaya. Herlinda anabwerako ndi theka la ndowa. Ku ofesi ya bungwe la madzi anapitako mpaka alonda anamuzolowera. Yankho linali limodzi: "Mawa, mayi. Tikuyesetsa."

Sabata inatha, ina n'kulowa. Zimbudzi zinanunkha, ana anasiya sukulu. Ndiye tsiku lina wailesi inalengeza kuti Lamlungu masana a meya adzatsegulanso kasupe wamkulu wokongoletsa bwalo la mzinda, posonyeza kuti madzi abwerera mumzinda wonse. Kudzakhala oimba malipenga.

Herlinda anazimitsa wailesi ija. Anadzifunditsa shawelo n'kukagogoda kwa mnansi wake, Leocadia Borunda, mayi wamkulu thupi komanso wapakamwa. Awiriwa ankaitanana kuti comadre, poti Leocadia ndiye ananyamula mwana wa Herlinda paubatizo.

"Comadre, mwamva?"

"Ndamva ndithu. Akuti mzinda wonse! Ndiye ifeyo tikukhala dziko liti?"

"Sopo muli naye?"

"Ndili naye wambiri. Bwanji, tidye?"

"Lamlungu tikachape."

Leocadia anamuyang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira chitseko. "Inu comadre, anthu amakuonani ngati ofatsa. Ndisiyireni, pofika madzulo chitunda chonse chikhala chitamva."

Lamlungu Misa itatha, mabasi otsika ku Loma Parda anadzaza ndi mitolo. Amayi ananyamula mabeseni, matabwa ochapirapo ndi zingwe. Amuna ena anatsatira, akunamizira kuti akungothandiza kunyamula. Atafika pabwalo anapeza mipando itayalidwa, mbendera zili petupetu, atolankhani ali ndi makamera awo. Anakhala kumbuyo mwaulemu, mitolo ili pamiyendo.

A meya analankhula za kulimba mtima kwa mzinda, anathokoza uyu ndi uyu, kenako anakweza dzanja. Malipenga analira, madzi n'kuthuvuka m'mwamba, oyera mbee, akunyezimira padzuwa. Anthu anaomba m'manja.

Herlinda anagwiritsitsa mtolo wake. Moyo wake wonse anali asanayankhulepo pagulu, ngakhale paukwati wa mwana wake. Anaganiza zobwerera. Koma fungo la mtolo umene unali pamiyendo pake linamukumbutsa chimene anadzera. Anaimirira, anadutsa pakati pa mipando, anafika pakasupe, n'kukhuthulira zofunda za bambo ake m'madzimo.

Madziwo anali ozizira ngati akudula zala. Iye anapinda manja a juzi, anagwada, n'kuyamba kupaka sopo.

"Tiyeni amayi!" anakuwa Leocadia. "Madzi abwerera mumzinda wonse, simunamve?"

Posakhalitsa kasupe yense anazunguliridwa. Matewera, mayunifolomu a ana, maovololo a amuna ogwira ntchito m'mafakitale, zonse zinalowa. Thovu linakwera mpaka kusefukira pansi. Ena anamanga zingwe kuchokera pamitengo ya magetsi kukafika pansanja ya a meya n'kuyamba kuyanika. Oimba malipenga anasokonezeka, wina analiza mawu olakwika, kenako onse anangosiya.

Apolisi anabwera akuthamanga. Patsogolo panali mnyamata wamtali wa ndevu zometa bwino, amene anangoti, "Amayi, chokani pano msanga!" Atatero anaona kuti amene anali patsogolo pake ndi mayi ake. Mnyamatayo anali Rosalío, mwana wa Leocadia.

"Ukuti chiyani, Rosalío?" Leocadia anavuula kabudula wamkati wofiira n'kumukweza m'mwamba, madzi akuchucha. "Uyu ndi wa ndani? Tandiuza pamaso pa anzakowa. Ndimusiye osatsuka?"

"Amama, chonde..."

"Chonde chiyani? Wavala chiyani mkatimo lero? Si wadzana uja?"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko, ngakhale apolisi anzake. Mkulu wawo anatembenuka n'kumayang'ana kumwamba ngati kuli china chofunika. Palibe amene anagwira mayi aliyense.

Pamenepo panatsika munthu wina kuchokera pansanja, wa jekete lakuda, nkhope yotopa. Anali Baldomero Quezada, injiniya wamkulu wa bungwe la madzi. Anafunsa kuti akutsogolera ndani, ndipo zala zonse zinaloza Herlinda.

"Mayi, tiyeni tikakambirane ku ofesi."

"Ku ofesi kwanu ndapitako, nsapato zatha," anatero Herlinda osadzuka. Mawu ake ankamveka bwino. "Gwirani uku."

Anamupatsa nsonga ya chofunda chonyowa. Makamera onse anali pa iye, ndipo bamboyo anasowa pothawira. Anagwira. Herlinda anapotokola mbali yake, iye n'kupotokola yake, madzi akuda akugwera pansapato zake zopolisha.

"Ndi za ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Za bambo anga. Sadzuka. Anagwira ntchito ya njanji mpaka kukalamba, lero akundipempha kuti ndisawasinthe poopa kunditopetsa. Inu bambo anu alipo?"

Quezada anati, "Ndikuuzeni zoona, mayi. Paipi yaikulu yokwera kwanu yaphulika malo ambiri. Mapaipi atsopano alipo. Koma galimoto yokumba tili nayo imodzi, ndipo anaitumiza kwina. Anyamata anga sanagone bwino chiyambire chisanu. Kuti akumbe chitunda chonsecho ndi manja, mwezi utha."

"Bwanji simunanene zimenezo poyamba, m'malo mwa mawa, mawa?" Herlinda anaimirira n'kutembenukira anthu ake. "Akuti akusowa okumba! Ku Loma Parda kulibe mapiki?"

"Alipo!" anayankha amuna aja amene ankanamizira kunyamula mitolo.

"Mwamva. Ife tikumba. Inu mutipatse mapaipi ndi anthu odziwa kulumikiza."

A meya, amene nthawi yonseyi anali ataima pakati pa matewera awiri, anaona kumene mphepo ikulowera. Anatenga chimkuzamawu n'kulengeza kuti ntchito ya ku Loma Parda iyamba mawa m'mawa.

"Mawa ayi!" anakuwa Leocadia. "Mawu amenewo tawamva, atikwana!"

"Zochapa zathu ziuma pompano," anatero Herlinda. "Tizichotsa tikaona lole ya mapaipi ikukwera."

Anakhaladi pomwepo. Ogulitsa m'mbali mwa bwalo anawabweretsera khofi wotentha, mayi wina wa mumzinda anavula magolovesi ake n'kumuveka Herlinda m'manja mwake mofiira. Dzuwa lisanapendeke, lole inadutsa pabwalopo itasenza mapaipi abuluu, Quezada ali kutsogolo pambali pa dalaivala. Amayi anaimba nthungululu zakwawo, anagwetsa zingwe, n'kuitsatira.

Anakumba masiku angapo. Nthaka inali yolimba, pena mwala wokhawokha, ndipo matuza anaphulika m'manja mwa anthu. Amuna aja anamenyana pabauza ankakumba dzenje limodzi, wina piki, wina fosholo. Rosalío akaweruka ankavula yunifolomu n'kulowa m'ngalande. Amayi ankatuta dothi ndi ndowa zomwe zinkayenera kutunga madzi. Herlinda anasonkhanitsa madzi ochepa a m'nyumba zingapo, anayatsanso chiwaya, n'kumaphikira okumba ndi antchito a bungwe ma tortilla ndi nyemba za tsabola. Quezada ankadya ataima, matope mpaka m'mawondo, ndipo anthu anasiya kumutukwana, anayamba kumuseka kuti sadziwa kugwira fosholo.

Tsiku lomaliza masana, uthenga unakwera chitunda kuti pampu yayatsidwa, aliyense atsegule mpopi. Herlinda anaima pampopi wa pabwalo pake. Poyamba kunali zii. Kenako paipi inagunda, mpopi unatsokomola, unalavula dzimbiri, n'kutsokomolanso. Madzi ofiira anatuluka, anasanduka achikasu, kenako oyera.

"Ababa!" anakuwa. "Mukumva?"

"Ndikumva, mwana wanga!" anayankha mkuluyo kuchipinda. "Usatseke, ndimveko bwino!"

Chitunda chonse chinali phokoso, ana akuthamanga, agalu akuuwa, wina akumenya poto ndi chikombe. Mwadzidzidzi kunamveka kuphulika pamsewu. Polumikizira pena pafupi ndi nyumba ya Leocadia panamasuka, madzi n'kuthuvuka kupitirira madenga. Antchito a bungwe anathamanga ndi masipanala, Quezada akukuwa kuti atseke msanga.

Koma Leocadia anawatsekereza. Analowa pansi pa madziwo ndi zovala zomwe, kuzizira konseko, sopo ali m'manja, n'kuyamba kupaka m'mutu.

"Comadre, mudwala!" anatero Herlinda, akuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ndidwale ndili woyera! Inu a injiniya, dikirani kaye pamenepo ndi sipanala yanuyo, ndisukuluze."

Ndipo injiniya wamkulu wa mzinda anaima pambali n'kudikira.