Tsiku lometa Zeya

Thuzar anali ndi vuto limodzi lokha padziko pano, kuseka. Osati kuseka wamba ayi, kuja koyambira m'mimba kenako mapewa n'kumagwedezeka ngati injini ya boti kkkk. Ndipo kumamugwira pamalo olakwika okhaokha. Pamaliro a agogo ake aamuna anachita kumutulutsa panja chifukwa mmonke wina wachipembedzo cha Buddha anayetsemula pakati pa pemphero. Eee manyazi ake!

Ndiye tangoganizani. Chaka chino pa Thingyan, masiku aja othirana madzi polandira chaka chatsopano, mlongo wake Zeya, mnyamata wa zaka khumi ndi chimodzi, amakalowa umonke wa ana kwa sabata imodzi. Pometa mwanayo, bambo ndi mayi amagwira nsalu yoyera wina uku wina uku kuti tsitsi lisagwe pansi. Koma bambo awo ali ku Thailand ku fakitale ya nsomba, tchuthi anawakaniza. Ndiye mbali ya bambo agwira ndani? Thuzar!!

"Iwe tandimvera," anatero amayi m'mawa akumupaka m'masaya thanaka, phala lachikasu la khungwa la mtengo lodzola kumaso. "Tsiku ili ndalidikira chibadwire mwanayu. Ukaseka nsalu igwedera, tsitsi ligwa pansi anthu onse akuona. Ngakhale limodzi lokha, Thuzar."

"Sindiseka amayi."

"Wayamba kale."

"Ndi thanakayu akuzizira!"

Mayeso anayambira pamsewu pomwe. Zeya anamuveka ngati mwana wa mfumu, chisoti chagolide, ambulera yagolide, milomo yopaka lipisitiki, n'kumukweza pa hatchi yowonda yomwe imangofuna kudya maluwa a anthu. Zeya yemweyu amene dzana lomweli anathira Thuzar madzi a ayezi kumsana akuchapa!

"Achemwali, ulemu pang'ono," anatero ali pamwambapo. "Lero ndine mfumu."

"Mfumu ya mamina. Pukuta mphunoyo iwe."

"Madzulo ano mundigwadira, muona."

"Ndani? Ine? Ulota."

Atafika kwa amonke anthu onse anangoti zii. Zeya anamuvula zagolide zija, n'kumukhazika pampando atawerama. Amayi anagwira nsonga ziwiri za nsalu, Thuzar ziwiri zinazo. Azakhali awo a Daw Mya Sein anaimika foni m'mwamba kuti bambo aziona, nkhope yawo ikuoneka yaing'onong'ono pagalasi, atavala kachipewa ka kuntchito.

A Sayadaw, mkulu wa amonke onse pamenepo, anatenga lumo. Kwee. Kwee. Tsitsi lonyowa likugwera pansalu ngati tiana ta mbewa. Ndiye khutu linatulukira!! Khutu la Zeya, kukula kwake ngati chivundikiro cha poto, zaka zonsezi limabisala m'tsitsi eti. Theka la mutu mbee, theka lina thengo, ngati kokonati yosenda mbali imodzi. Thuzar anakumva kuseka kukubwera, kwachoka m'mimba, kwafika pachifuwa, kuli pakhosi. Analuma tsaya. Anawerenga matailosi. Anaganiza za mayeso a masamu. Nsalu inayamba kunjenjemera ndithu, amayi n'kumuponyera diso lija.

Kenako lumo linadutsa kumbuyo kwa khutu lakumanzere, ndipo panaoneka chipsera. Choyera, chopindika ngati mwezi watsopano, timadontho titatu ta ulusi m'mbali mwake.

Kuseka kuja kunangothera pomwepo, ngati wazimitsa wailesi.

Thuzar anali ataiwala. Zoona, anaiwaliratu! Zaka zinayi zapitazo, pa Thingyan pomwenso, analimbirana payipi ya madzi ndipo iye anam'genda Zeya ndi mbale yachitsulo yothirira anthu madzi. Magazi kuti chuuu. Kuchipatala anamusoka katatu. Ndipo Zeya, kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri, kanauza aliyense kuti kagwa mumtengo wa bwemba. Anakakalipira, bambo anadula nthambi yomwe kamakonda kukhalapo, koma iko osaulula. Ngakhale tsiku limodzi lomwe anayambana pambuyo pake, sanatchuleko.

A Sayadaw anaimitsa lumo. "Koma apa panali nkhondo. Chinakutema n'chiyani mwana wanga?"

"Anagwa mumtengo, a Sayadaw," anayankha amayi.

"Ndafunsa mwini mutu."

Mayo ine. Mwana woti pakangopita mphindi zochepa alonjeza pamaso pa Buddha kuti sadzanama! Thuzar anangoyang'ana khosi la mlongo wake, lowonda, madzi a sopo akutsetsereka. Zeya sanadzutse mutu.

"Panapola kale, a Sayadaw. Sipapwetekanso."

Mkulu uja anagwedeza mutu. "Ine kuti ndiphunzire kusiya zakale chonchi zinanditengera zaka makumi anayi," anatero, n'kupitiriza kumeta.

Thuzar anagwiritsitsa nsalu ija. Kamtolo kena ka tsitsi kanayamba kutsetsereka kulunjika kumphepete, iye n'kukweza nsonga msanga, kanabwerera pakati. Mpaka lumo lomaliza, pansi sipanagwe kanthu. Ngakhale limodzi!!

Zeya anamutenga kukamusambitsa, ndipo pobwera, aaa. Sindikudziwa kuti ndinene bwanji. Mkanjo wofiirira, phewa limodzi pamtunda, mbale yakuda ya amonke yolandirira chakudya m'manja, maso pansi, akuyenda pang'onopang'ono ngati pansi pangasweke. Makutu anali omwe aja koma sanalinso oseketsa. Dzuwa limalowa pawindo n'kumawala pamutu pake, fungo la maluwa achikasu a padauk lili ponseponse, kutali kukumveka ng'oma za anthu othirana madzi.

Amayi anagwada. Amayi omwewa amene amamuthamangitsa ndi silipasi! Anaika chipumi pansi katatu pamapazi a mwana wawo. Pafoni paja bambo anatsamiritsa foni kukhoma, anavula majombo, n'kugwada pasimenti ya kufakitale, nawonso katatu. Azakhali kulira mpaka foni kumavina.

Thuzar palibe anamuuza. Mawondo anapinda okha. Kamodzi, kawiri, ndipo pachitatu ananong'ona chipumi chili pamphasa.

"Inali mbale yanga ija. Pepani. Zikomo, mwamva."

Atadzutsa mutu, mmonke wamng'onoyo amayesa kunena mawu a dalitso koma milomo ikunjenjemera, chifukwa thanaka wa Thuzar anali atasungunuka ndi misozi, nkhope yonse mizeremizere ngati nyalugwe, kuphatikiza mamina kkkkk. Amene amalimbana ndi kuseka tsopano anali iyeyo! Analuma tsaya, anayang'ana matailosi, koma anamaliza dalitso lonse bwinobwino.

Panja, amayi amapinda nsalu ija mosamala, tsitsi lili m'kati, kuti akaisunge m'bokosi mwawo.

"Amayi," anayamba Thuzar, "chipsera chija..."

"Mbale inapindika m'mbali, umayesa sindinaone?" Anamupukuta mphuno ndi nsonga ya mpango wawo. "Ndimangodikira kuti mmodzi wa inu akule. Sindimadziwa kuti mukulira tsiku limodzi."